Mphasa zoyala panthaka: kodi zingasunge madzi m'munda wa pamtsetse?

Mayi wina wa ku Thekerani, m'boma la Thyolo, wafunsa motere: "Munda wanga uli pamtsetse, ndi wokwana ngati ekala imodzi, ndipo kumunsi kwake ndili ndi kadimba m'mbali mwa mtsinje. Mvula ikagwa madzi amangothamanga ndi dothi, koma ikangodula masabata awiri chimanga chimayamba kufota. M'chilimwe msana umandipweteka ndi kutunga madzi othirira masamba. Mwana wanga amene ali ku Johannesburg wanditumizira kanema pa WhatsApp woonetsa mphasa zimene amayala m'mbali mwa misewu kuti nthaka isakokoloke, ndipo akuti atumiza ndalama ndigule. Kodi zindithandiza kusunga madzi, kapena ndingotaya thukuta la mwana?"

Mayi, mwachita bwino kufunsa ndalama zisanatuluke m'manja. Mphasa zimene mwana wanu waonazo zilipodi, ndipo zimagwira ntchito. Koma ntchito yake ndi yapadera. Zimayalidwa pa dothi lopanda chophimba, lotsetsereka kwambiri, kuti ziligwire kwa nyengo imodzi kapena ziwiri pamene udzu wobzalidwa pansi pake ukumera ndi kuzika mizu. Udzu ukagwira, mphasa imaola, ntchito yake yathera pomwepo. Munda wonse wa chimanga sufuna mphasa ayi. Ukufuna akalozera (mizere ikuluikulu yopingasa mtsetse motsata mulingo), udzu wa vetiva, ngonyeka (timizere totchinga madzi m'makwawa) ndi kuphimbira nthaka. Mphasa ikhale ya malo ochepa m'munda mwanu amene china chilichonse chimakana kukhalapo, komanso ya kudimba, ndipo zambiri mwa mphasazo mungathe kuluka nokha pakhomo.

Ndiyambe ndi mavuto awiri mwatchula aja, kukokoloka kwa dothi ndi kufota kwa chimanga, chifukwa gwero lake ndi limodzi. Mvula yamphamvu ikadzagwa, mudzalawirire kumunda m'mawa mwake, mudzagwade pamalo opanda chomera. Mudzaona timiyala titakhala pamwamba pa timilu ta dothi totalika ngati chikhadabo, pomwe dothi lonse lozungulira lapita. Kamwalako kanatchinga madontho, n'chifukwa chake dothi la pansi pake latsala. Dontho lalikulu la mvula limafika pansi likuthamanga pafupifupi makilomita 30 pa ola. Likamenya dothi limaphwanya timibulu take, fumbi losalala lija n'kutseka timabowo timene madzi amalowera. Pakangopita mphindi zochepa pamwamba pamachita kakhungu koterera, ndipo madzi akasowa polowera amatsata mtsetse. Mukakumba ndi khasu mumapeza kuti panyowa pamwamba pokha, pansi pali gwa. Chimanga chanu chimafota msanga chifukwa mvula imene munaiona ikugwa sinalowe.

Tiwerengere limodzi kuti muone kuchuluka kwa madzi amene akukupulumukani. Mvula ya milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa sikweya mita iliyonse. Ekala ili ndi masikweya mita oposa 4,000 pang'ono. Ndiye mvula ya mamilimita 40, imene kwathu kuno imatha kugwa masana amodzi, imathira malita oposa 160,000 m'munda mwanu. Amenewo ndi ndowa 8,000 za malita 20. Tingoyerekeza kuti theka lathawa: ndowa 4,000 zanyamuka ulendo wa ku Shire tsiku limodzi, inu mudzakhale mukutunga imodziimodzi mu Okutobala. Ndipo madziwo sapita okha. Kafukufuku amene bungwe loona za chakudya ndi ulimi pa dziko lonse la FAO linachita pamodzi ndi boma anapeza kuti mu 2014 dziko lino limataya pafupifupi matani 29 a dothi pa hekitala pachaka. Pa ekala imodzi ndi matumba oposa 230 a makilogalamu 50. Chiwerengerochi ndi cha dziko lonse, zigwa ndi mapiri pamodzi. Munda wa pamtsetse wosatetezedwa ungataye zoposa pamenepo. Dothi limene limayamba kupita ndi lakuda lapamwamba, lomwe limasunga chinyontho ndi chonde. Chotsala ndi katondo wouma msanga, ndipo feteleza amene mwathira movutikira amapita nawo limodzi.

Ku Thyolo ndi ku Mulanje mvula si yosowa. Madera ena a m'munsi mwa phiri la Mulanje amalandira mamilimita oposa 2,000 pachaka. Koma taonani zimene tinaona zaka ziwiri zotsatizana: mu Marichi 2023 namondwe Freddy anakokolola minda ndi nyumba, ndipo nyengo yotsatira ng'amba ya El Niño inaumitsa chimanga mpaka boma linalengeza mu Marichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Minda yake ndi yomweyomweyo. Munda umene sulowetsa madzi umavutika mvula ikachuluka, umavutikanso ikachepa.

Tsono mphasa imatani? Imalandira nkhonya ya dontho m'malo mwa dothi, kotero kakhungu kaja sikapangika. Ulusi wake umakola madzi amene ayamba kuyenda, amachedwa, n'kupeza mpata wolowa. Liwiro la madzi si nkhani yaing'ono: likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kanayi. Ndipo dzuwa likatuluka, mphasa imachita mthunzi, dothi silitentha kwambiri, mphepo siliumitsa msanga. Chimene mphasa sichita ndi kusunga madzi ochuluka mwa iyo yokha. Ndi yopyapyala, tsiku limodzi la dzuwa yauma. Chosunga madzi ndi dothi la pansi pake, ndiye ngati dothilo lilibe manyowa, mphasa ingolithandiza pang'ono.

Za m'fakitale zilipo zamitundu ingapo. Zina n'zolukidwa ndi ulusi wa ziguduli, zimakhala chaka chimodzi kapena ziwiri. Zina n'za ulusi wa makoko a kokonati, zolimba, zimatha zaka zitatu kapena kuposa. Zina ndi udzu wosokerera pakati pa maukonde, zimaola pasanathe chaka, ndipo nthawi zambiri ukondewo umakhala wa pulasitiki, umene umatsala m'munda n'kumakola khasu, nkhuku ndi njoka. Ulusi wa ziguduli umachokera makamaka ku India ndi Bangladesh, wa kokonati ku India ndi Sri Lanka, ndiye pofika ku Blantyre mtengo wake umakhala utasenza ndalama zakunja ndi za mayendedwe. Wogulitsa akakuuzani mtengo wa sikweya mita imodzi, muuchulukitse ka 4,000, mukumbukire kuti pakapita zaka ziwiri kapena zitatu mudzagulanso, kenako muyerekeze ndi matumba a chimanga amene mumakolola. Yankho mulipeza nokha. Ndiponso mupalira bwanji, mubandira bwanji, mphasa itaphimba mizere yonse? M'mbali mwa msewu amayala chifukwa sadzalimapo.

Malo ofuna mphasa ndi amene mapesi ndi udzu wongomwaza sizikhala. Mtsetse ukafika poti pa mamita 3 aliwonse mukutsika mita imodzi kapena kuposa, zophimbira zomwaza zimatsetsereka ndi mvula yoyamba. Yendani m'munda mwanu, muwapeza: khoma la dothi limene mwadula kumene, kaya kuseri kwa nyumba kaya pokonza masitepe a munda, mutu ndi mbali za kachigwembe kamene kangoyamba, njira imene anthu amadutsa n'kusanduka ngalande, gombe la dimba lanu loyang'ana kumtsinje, m'mbali mwa chitsime kapena dziwe la nsomba ngati lilipo. Mukawaphatikiza onse, kawirikawiri sakwana ndi kachigawo kakang'ono ka ekala. Koma ndi pomwe munda umayambira kudyeka, ndipo chigwembe chikazama chimakoka chinyontho cha mizere yonse yoyandikana nacho.

Kuluka sikukuvutani, paja mphasa ndi mipanda timazidziwa kale. Zipangizo ndi udzu wofolera, nsenjere youma, masamba a vetiva, bango, kapena makoko ouma a thunthu la nthochi. Chomangira chabwino ndi chingwe cha khonje, koma makoko a nthochi onyowetsa n'kupota amagwiranso. Khomani zikhomo zinayi pamzere, kuyambira choyamba kufika chomaliza pakhale mita imodzi, ndi zina zinayi moyang'anizana nazo pa mtunda wa mamita 2 kapena 3. Kokani zingwe ziwiriziwiri kuchoka chikhomo china kufika chinzake. Tengani kamtolo ka udzu konenepa ngati zala ziwiri, kagonekeni chopingasa pakati pa zingwezo, pitanitsani zingwe, kenako kamtolo kena. Chinsinsi chili apa: musathinitse ngati mphasa yogonera. Pakati pa kamtolo ndi kanzake pazitsala mpata wolowa chala. Mukamaliza muimike moyang'ana dzuwa. Kuwala kuzioneka timadontho ponseponse. Yothina imathamangitsa madzi pamwamba, ndipo udzu wa pansi umalephera kuboola. Mphasa ya mita imodzi m'lifupi ndi mamita 3 m'litali munthu mmodzi amaipinda n'kuisenza bwinobwino kukwera nayo phiri. Ntchito imeneyi ndi ya Ogasiti ndi Seputembala, udzu utauma koma moto usanadutse, ndipo imafulumira mukakhala amayi angapo. Ziguduli zakale zikapezeka, zisoleni msoko, ndi mphasa yokonzeka kale.

Posankha zipangizo samalani ndi zinthu zingapo. Udzu wokhwima njere ukudzadzirani tchire m'dimba, choncho muupunthe kaye kapena mumwete usanabereke. Makoko a nthochi asachokere pa phata lodwala. Anthu a ku Thyolo sitifunika kuuzidwa zimene matenda a chisaka anachita ku nthochi zathu, ndipo nsabwe zofalitsa matendawa zimabisala m'makoko aawisi, ndiye aume ndithu musanawanyamule. Matumba a feteleza ndi masikito akale musayale. Thumba la feteleza silimwa madzi, dzuwa likaliwamba limanyenyeka, timaulusi take n'kukhala m'dothi zaka zambiri.

Mphasa zambiri zimene zimalephera, vuto limakhala kayalidwe. Musanayale, pitani kumtunda mukaone kumene madzi akuchokera. Ngati madzi a pa denga la malata, a mumsewu kapena a m'munda wa mnzanu akugwera pamalopo onse pamodzi, yambani mwawapatutsa kapena kuwamwaza, apo ayi mphasa idzapezeka kumtsinje. Kenako salazani malowo. Khoma loima chilili ligumuleni pang'ono ligone, phwanyani zibuma, chotsani miyala ndi zitsa. Mwazani manyowa owola, bzalani kapinga kapena udzu wina woyanga umene umamera kwanuko. Pamwamba pa mtsetse kumbani kangalande kozama masentimita 15, m'lifupi chimodzimodzi, momwe mudzalowetse mutu wa mphasa yomaliza ya kumtunda, n'kukhoma, kukwirira ndi kupondaponda. Kangalande kameneka anthu amakonda kukadumpha, koma ndi kamene kamaletsa madzi kulowera pansi pa mphasa.

Polumikiza, chitani monga pofolera nyumba: yambani kumunsi, ya kumtunda izigona pamwamba pa ya kumunsi ndi masentimita 15, m'mbali zipitane masentimita 10. Kusiyana kwake n'kwakuti padenga udzu umaloza pansi kuti madzi athawe, pamene apa timitolo tizigona chopingasa mtsetse kuti madzi azipunthwa pa kalikonse. Zikhomo zikhale za nsungwi kapena timitengo ta mphanda, zotalika masentimita 25 mpaka 30, chimodzi pa mita iliyonse, ndipo m'mphepete ndi molumikizira muzithinitse. Musaikoke mphasa kuti iwongoke bwino. Isiyeni itsate maonekedwe a nthaka. Mukamaliza yendanipo pang'onopang'ono. Pamene phazi likumva kuti pansi pali mphako, khomaniponso, chifukwa madzi akapeza njira pansi pake amakumba mobisa, inu mukuona pamwamba pali bwino. Yalani kumapeto kwa Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, mvula yoyamba ipeze mwakonzeka. Mvula ikakhazikika, cha mu Disembala kapena Januwale, boolani mphasa ndi kamtengo mubzalemo vetiva m'mizere yopingasa. Ikagwa mvula yamphamvu yoyamba ndi yachiwiri pitani mukaone, mukonze pamene pazuka tsiku lomwelo.

Pa chigwembe ndinene mosabisa: ngati chafika m'chiuno kapena kuposa, ndipo madzi amadutsamo ngati mtsinje, mphasa ya udzu sichikwanitsa. Chimenecho chimafuna timadamu ta miyala kapena ta mitengo yophuka totchinga m'kati mwake, mphasa n'kukhala ya m'mbali mokha. Pamenepo muitane alangizi.

Tsopano tipite kudimba, kumene msana wanu upumule msanga kuposa kwina kulikonse. M'masiku otentha a Okutobala, bedi la masamba limatha kutaya madzi okwana mamilimita 5 patsiku, ena kudzera m'masamba a mbewu, ena kuuluka kuchoka pa dothi. Pa bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 10 m'litali, amenewo ndi malita 50, ndowa ziwiri ndi theka tsiku lililonse. Amene mbewu imamwa sitingawachepetse, ndiwo akukulitsa mpiru wanu. Amene tingapulumutse ndi ouluka pa dothi, ndipo amakhala ambiri mbewu zikadali zazing'ono, masamba asanakumane. M'chilimwe mabedi akhale olowa pansi pang'ono, osati otumphuka, muthiremo manyowa okwanira, muthirire mpaka madzi afike pansi, kenako muphimbe. Udzu womwaza wochindikala masentimita 5 umagwira ntchito bwino lomwe. Ubwino wa mphasa ndi woti nkhuku siziipalasa, mphepo siiulutsa, ndipo mukakolola mumaipinda n'kukaiyala pa bedi lina. Za kudimba lukani zazing'ono, zokwana pakati pa mizere ya tomato kapena kabichi, ndipo kuzungulira tsinde musiye mpata wa chikhatho kuti lisaole. Tomato wophimbiridwa matope samudumphira m'masamba a m'munsi, ndipo matenda ena a masamba amachepa.

Kathiridwe kayenera kusintha. Mukamwaza timadzi pang'ono pamwamba, mphasa imamwa tonse, dothi osalawa n'komwe. Thirani pafupi ndi tsinde, pang'onopang'ono, madzi ambiri nthawi imodzi, kenako mudumphe tsiku kapena masiku. Musathirire chifukwa choti kwacha. Tukulani mphasa, lowetsani chala mpaka pa mfundo yachiwiri, ngati chatuluka chonyowa bwererani ndi ndowa yanu. Ndipo musangokhulupirira ine. Konzani mabedi awiri ofanana, mbewu imodzi, tsiku limodzi, lina muphimbe lina musaphimbe, muzilemba pa khoma ndi khala ndowa zimene lililonse ladya mpaka kukolola. Dothi lanu ndi limene likuuzeni kuti mphasa yakupulumutsirani ndowa zingati. Pa nazale yalani mphasa yopepuka mukangofesa, koma muzisuzumira m'mawa uliwonse. Mbewu zikangoyamba kutuluka muikweze pa timphanda ikhale mthunzi, mukachedwa mbande zimatalika moonda n'kugwa.

Kwathu kuno kuli chiperoni, ndiye malangizo a kumadera ouma sitingawatsate onse. Mu Juni ndi Julayi, kukachita nkhungu ndi mvula yowaza masiku angapo, dothi lophimbidwa kwambiri limazizira, mbewu zimachedwa kumera, nkhono zimabisala pansi pa mphasa, ndipo chiwawu chimakonda chinyontho chotere. Nyengo imeneyo chepetsani zophimba kapena tukulani mphasa masana dothi lipume, mudzabwezere kukayamba kutentha mu Ogasiti. Chiswe chidzadya mphasa, zimenezo n'zosapeweka, ndipo sizoipa zokhazokha chifukwa tinjira take timalowetsa madzi pansi; chachikulu n'choti zouma zisagunde tsinde la mbewu. Potukula mphasa yokhalitsa gwiritsani ntchito ndodo, osati dzanja, paja njoka zimakonda pozizira. Ndipo lambulani m'mphepete mwa munda nyengo ya osaka mbewa isanafike, chifukwa mphasa youma imayaka msanga.

Nanga ekala ya chimanga ija? Kumeneko ndiye kuli ndowa 4,000 zija, ndipo mankhwala ake alangizi akhala akuphunzitsa kwa zaka zambiri. Choyamba ndi akalozera. Pitani ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu mupemphe mlangizi abwere ndi levulo, chida choyezera mulingo wa nthaka, akhome zikhomo motsata mulingo, muunde mizere ya akalozera, ndipo mizere yonse ya chimanga muiwongole itsate akalozerawo. Mzere wounda ndi diso lokha umaoneka wopingasa koma umapendekera mbali imodzi, madzi amasonkhana pamalo otsika, amaphulitsa mzere, ndipo chigwembe chimabadwira pamenepo. Motsata akalozera bzalani vetiva: timapata tiwiri kapena titatu pa phando, motalikirana masentimita 10 mpaka 15, masamba odula kutsala masentimita 20. Musasiye mipata, chifukwa madzi onse amathamangira pa mpata. Chaka choyamba amaoneka ngati sakuchita kanthu, koma pofika chaka chachiwiri kapena chachitatu amakhala mpanda wothithikana, mizu yake imatsika mamita 2 kapena 3 molunjika pansi osalimbana kwambiri ndi chimanga, ndipo dothi limaunjikana kumtunda kwake mpaka munda umayamba kupanga masitepe wokha. Masamba ake mukamadula ndi amene mudzalukire mphasa zaka zikubwerazi. M'makwawa mwa mizere ikani ngonyeka pa mamita 2 kapena 3 aliwonse, zofupikirapo kuposa mzere, kuti madzi aime pamene agwera.

Kenako mapesi. Musatenthe. Agonekeni m'makwawa chopingasa mtsetse. Akatswiri a ulimi wa mleranthaka amati gawo limodzi mwa magawo atatu a nthaka likaphimbika, kukokoloka kumatsika kwambiri, ndiye ngakhale mapesi anu ndi ochepa, ali ndi phindu. Ndikudziwa kuti ku Thyolo mapesi ali ndi ntchito zambiri. Malo ndi ochepa, nkhuni n'zosowa, mbuzi nazo zikudikira. N'chifukwa chake ndimakonda nandolo, amene mumalima kale: masamba ake amayoyokera m'munda nyengo yonse ya chilimwe, mizu yake imaboola dothi lolimba, ndipo mitengo yake imapita kukhitchini m'malo mwa mapesi. Kalongonda, maungu ndi khobwe zimayanga n'kuphimba nthaka zili moyo. Mitengo ya gilisidiya m'malire imakupatsani masamba ndi nkhuni. Mukamadutsa m'minda ya tiyi ku Thyolo kapena ku Mulanje, suzumirani pansi pa mitengoyo. Ili pamitsetse ngati yanu, mvula yake ndi yomweyi, koma dontho silifika pa dothi, ndipo akadulira tiyi nthambi amazisiya momwemo kuti ziphimbe.

Pali chenjezo limodzi limene sindingalisiye, chifukwa likukhudza moyo. Kulowetsa madzi m'nthaka kuli ndi malire pa phiri. Pamene mtsetse ndi waukulu ndipo dothi ndi losaya, pansi pali thanthwe, mvula ya masiku angapo imadzaza dothilo, limalemera, n'kutsetsereka lonse pamodzi. Ndi zimene zinachitika ku Phalombe mu 1991, ndiponso m'malo ambiri nthawi ya Freddy. Palibe mphasa, ya fakitale kapena yoluka, imene ingaimitse napolo. Imagwira dothi la pamwamba lokha. Choncho musakumbe maenje kapena ngalande zosunga madzi pamtsetse waukulu umene pansi pake pali nyumba. Mvula ikagwa masiku atatu osaleka ndipo madzi aima m'makwawa, tsegulani ngonyeka zina madzi atuluke pang'onopang'ono kupita ku njira yobzalidwa udzu. Mukaona ming'alu yopingasa kumtunda kwa munda, mitengo itayamba kupendekeka, kapena kasupe atatumphuka pamene sipanali kasupe, uzani amfumu ndi a komiti yoona za ngozi, ndipo usiku umenewo musagone m'munsi mwake. Malo otsetsereka koposa ndi a mitengo, nsungwi ndi nthochi, osati a khasu chaka ndi chaka. Gombe la mtsinje nalonso lisiyireni lamba wa udzu ndi mitengo, dimba liyambire chakumtunda.

Za ndalama za mwana wanu, maganizo anga ndi awa. Gawo lalikulu lipite kwa aganyu ounda akalozera ndi kuwongola mizere, chifukwa ntchito imeneyi ndi yolemetsa chaka choyamba ndipo munthu mmodzi sangaimalize mvula isanagwe. Ina igule mbewu ya vetiva ngati kulibe nazale ya gulu pafupi, ndi chingwe cha khonje. Ikatsala, mbuzi kapena nkhuku zoonjezera manyowa zidzakusungirani madzi ambiri kuposa mpukutu wa mphasa. Mphasa yogula ndingaivomereze pa malo amodzi okha: pamene madzi amadutsa mwamphamvu chaka chilichonse ndipo yoluka yalephera. Pamenepo yezani malowo ndi chingwe, gulani yokwana pomwepo, ya ulusi wa kokonati, yopanda ukonde wa pulasitiki. Zimagulitsidwa potengera kulemera kwake pa sikweya mita, kawirikawiri magalamu 400, 700 kapena 900. Ya m'njira ya madzi ikhale ya 700 kapena 900.

Madzi amene akukuvutitsani ena akuchokera m'munda wa amene ali kumtunda kwanu, ndipo anu akutsikira kwa amene ali kumunsi. Mlangizi akabwera, itanani onse awiri akhalepo, ndipo muyambe kumuonetsa kumtunda kumene madzi amalowera m'munda mwanu musanapite naye pa chigwembe. Zikhomo za akalozera zimayambira kumeneko, ndipo mwezi wabwino wozikhoma ndi Julayi kapena Ogasiti, mutakolola koma musanayambe kuunda mizere.